Supuni yamata pantchafu ya Tadala

Mwaswera bwanji nonse.

"Mayi a Tadala, n'zoona kuti mwana akabayidwa katemera supuni imamumata ngati maginito?" Andifunsa choncho aneba anga, a Nachisale, nditangobwera kusikelo ku Lirangwe. Mwana wawo samupititsako chifukwa cha mantha amenewa.

Ndati yesani nokha. Atenga supuni imene ndimadyetsera mwana phala, n'kuyiika pantchafu ya Tadala. Yamatadi. Iwo ayamba kupemphera mokweza.

Ndaichotsa n'kuyiika pamphumi pawo. Yamatanso, chonsecho iwo jakisoni amathawa chithawire. Ndati, "Ndi phala ili, mayi." Aseka mpaka kukhala pansi, akuti sikelo ikubwerayi tipitira limodzi.

Koma anyamuka supuni ikadali pamphumi. Ndikaitenge kapena ndiwasiyire?

Zanditayika lero ndi supuniyo, ndi nyemba zimene zapserera pamoto.