Madontho pa Denga la Mayi Nakayange

A Martin Sibale ali ndi zaka 57, ndipo ndi mmisiri wa sola pa Chitipa Boma. Poyamba ankakhoma madenga. Bondo litayamba kukana makwerero, ntchito ija inatha.

Amene anawatola ndi a Sosten, munthu wa ku Thyolo, mwini sitolo ya mapanelo ndi mabatire. Anawaonetsa mapu a pa foni, aja oonetsa nyumba monga momwe khwangwala amazionera. Ukagunda ngodya iyi ndi iyo, foni imakuuza mamita.

A Sibale sanakhulupirire. Sabata yathunthu anazungulira Boma ndi tepi, kuyeza nyumba zomwe anafolera okha n'kumafananiza. Foni inkaphonya ndi chikhatho chabe. Anatulukiranso kuti denga lotsetsereka limaoneka lalifupi ukalionera kumwamba, choncho anaphunzira kuwonjezerapo.

Tsiku lina mayi Nakayange a ku Nthalire anaimba foni, kufuna magetsi a furiji ya mugolosale yawo. Ku Nthalire n'kutali ndipo msewu ndi woipa, si kopita kawiri. A Sibale anayeza pa foni, nati mbali ya kumpoto ikwana mapanelo anayi, natchula mtengo.

"Mukaphonya, adada, ndibwerera kwa anthu okwera ndi tepi," anatero a Sosten. "Katundu wanga sayenda ulendo wokaona malo."

Chimodzi chokha chinkawavuta a Sibale. Pa dengalo panali madontho akuda 23. Anakulitsa chithunzi, anachitembenuza. Nkhunda? Dzimbiri? Pomaliza anauza a Sosten kuti ndi maungu, poti ambiri amasunga maungu padenga.

Atafika anapeza kuti ndi miyala. Miyala ya padenga anaidziwa ali mwana, koma anali asanaionerepo kumwamba.

"Monire mama. Denga ili lilibe msomali?"

"Ngakhale umodzi," anayankha mayi Nakayange. "Malata awa ndinagula limodzilimodzi. Ndikamanga nyumba ya njerwa zowotcha apita kumeneko opanda bowo. Mukaboola, mudzagona ndinu pamene pakudonthapo."

"Bwanji simunanene?"

"Munafunsa? Munati mukundiona muli kumwamba. Ndinati chabwino, ndiye miyalanso aiona."

Kuika panelo pa lata losakhoma n'kuipereka kwa mphepo. Kubwerera ndi katundu n'kutaya ntchito. A Sibale anakhala pa mpando, natulutsanso foni. Pa chithunzi chomwecho, kumpoto kwa nyumba, panali malo oyera, kutali ndi mthunzi wa mango. Anayeza: mamita asanu kwa atatu. Anadzuka n'kukayezanso ndi tepi. Zinagwirizana.

Anagula milongoti ya bulugamu kwa oyandikana nawo, namanga thandala lofika pachifuwa, lopendekera ku dzuwa. Mayi aja anazinga ndi minga chifukwa cha mbuzi. Tsiku lachiwiri masana furiji inayamba kulira. A Sibale pa makwerero sanapondepo.

Atabwerera ku Boma, a Sosten anali atamva kale kwa dalaivala amene ananyamula katundu uja.

"Yewo, adada. Maungu aja anali okoma?"

"Olimba," anatero a Sibale.

A Sosten anaseka, nawapatsa nambala ya kasitomala wina wa ku Wenya.

Pofika pano ayeza madenga 41 osakwerapo. Asanatsegule mapu amafunsa kaye ngati denga ndi la misomali kapena la miyala. Bondo silinachire, ndipo malata a mayi Nakayange akadali opanda bowo.