Kalavati Inasunthidwa ndi Chala Changa

Chaka chimene boma linakonza mseu wathu wa ku Mphamba, anthu oyeza anabwela m'chilimwe, nthaka ili gwa. Anakhoma zikhomo zofiila pofuna kuikapo kalavati, chipaipi chodutsa madzi pansi pa mseu. Kukamwa kwake kunaloza pa chigafa changa choumitsilamo fodya. Mvula imodzi yokha, fodya yense akanapita.

Ine sindinong'ona, mawu anga amamveka mpaka kutsidya kwa dambo. Ndinaitana injiniya wawo, mayi wachitsikana wa chisoti choyela.

"Mwana wanga, madziwo munawafunsa?"

"Adada, pepala likuti apa," anatelo akuseka.

"Pepala lakolo linanyowapo ndi mvula ya kuno?"

Ndinapita naye kumunsi, pamtengo wa mkuyu, n'kumuonetsa udzu ndi mapesi amene madzi a chaka chatha anakoleka patsinde, kufika m'chiuno mwangamu. Madzi akhala akudutsa pamenepo chibadwile changa.

Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anati kale kusuntha chikhomo chimodzi kunkafuna kalata yopita ku Lusaka ndi miyezi yodikila, koma tsopano amaloledwa kusintha zazing'ono pamalo pomwepo, bola alembe chifukwa chake ndipo mwini malo asaine.

Analemba zosunthila kalavati pamkuyu n'kundipatsa pepala, poti malowo ndi anga. Sukulu ndinangoinunkhiza, choncho ndinadinda chala. Inki ija sindinaisambe masiku atatu, ndipo kumsika palibe amene sanaione.

Lelo kalavati ili pamkuyu. Dzinja labwela kangapo, madzi amadutsa njila yawo yakale, ndipo chigafa changa chili chilili.