Mawu ofiira pachitseko cha amayi amasiye

Rufunsa itangokhala boma payokha, ananditumiza kumeneko kukaphunzitsa zojambula. Ndinapita monyinyirika, sindibisa. Ku Lusaka ndinasiya anzanga, kuno ndinapeza fumbi ndi choko.

Ku Chinyunyu, pafupi ndi akasupe otentha, kunali amayi ena ogulitsa chimanga chootcha m'mbali mwa msewu. Anafedwa amuna awiri, ndiye anthu ankawatcha mfiti yodya amuna. Owagula anali a m'mabasi okha, osawadziwa. Abale a mwamuna wachiwiri ankafuna kuwalanda munda ndi nyumba, ndipo anali atanena kuti abwera akatha kukolola.

Tsiku lina anandiona ndikujambula podikira minibasi.

"Ba ticha, ndili ndi ndakatulo m'mutu, koma kulemba sindidziwa," anatero. "Mulembe, mujambulenso nkhope yanga. Ndikamate pachitseko."

Ndakatuloyo inkayamba ndi chitonzo chomwecho. Inkati inde ndine mfiti, ine amene ndinakankha njinga mpaka kuchipatala mwamuna ali pakaliyala, ine amene ndinachapa zofunda zomwe abale ake ankanyansidwa nazo. Polemba ndinagwetsa misozi.

Koma pa kakonzedwe tinakangana zedi. Ine ndinkafuna mawu oipawo akhale aang'ono, nkhope iyang'ane kumbali. Iwo anakana kwamtuwagalu. Anati mawuwo akhale pamwamba, aakulu ngati chikhatho, ofiira ndi dothi la katondo, ndakatulo ikhale pansi pa chibwano. Ndinawauza kuti akudziputira moto, koma aa, amayi aja sankabwerera m'mbuyo. Zilembo ndinazijambula mofanizira zinthu zawo zomwe: mpini wa khasu, masipoko a njinga, chingwe choyanikira zovala.

Anasankha kuti ndiwajambulire kukasupe. Linali dzuwa la masana, koma malowo anali zii, ngakhale mbalame osamveka. Madzi ankabwata okha popanda moto, fungo ngati mazira owola. Anakhala tsidya, nthunzi ili pakati pathu. Nkhope inkaoneka, n'kusowa, n'kuonekanso, ndipo nthawi iliyonse maso ali pa ine, osaphethira. Pepala linanyowa, utoto wofiira uja n'kuyamba kuyenderera kutsikira pachipumi cha chithunzi. Ine wopita kusukulu, wopemphera, ndinagwidwa ndi mantha enieni.

"Nanunso mwayamba kundiopa," anatero mofatsa.

"Ayi, amama."

"Musapukute. Zisiyeni choncho."

Anthu atakolola, abale aja anabweradi. Ndinamva kwa mayi wina wogulitsa tomato kuti anaima kumpanda, n'kuona chitseko, n'kubwerera osagogoda nkomwe. Munda sanaukhudzenso. Ndinasangalala kwambiri, mpaka ndinadzitama kwa aphunzitsi anzanga.

Mvula itagwa ndinapita kukawaona. Kanjira kolowera kwawo kanali katamera udzu wofika m'mawondo. Pabwalo panali posesa bwino, koma mapazi anali a munthu mmodzi yekha. Chithunzi chinali chikadali pachitseko, chokutidwa ndi pulasitiki, maso aja akundiyang'ana kuchokera patali.

Anandiyalira mphasa, tinapatsana moni. Anali ataonda. Anandiuza kuti mnansi amene kale ankabwera mobisa kudzapempha mchere anasiya, amayi a kutchalitchi nawonso amalambalala. Aliyense amawerenga mawu ofiirawo ali kumsewu, ndipo palibe anafikapo pafupi n'kuwerenga za pansi.

Ndinapsa mtima, ndinati tiching'ambe pompano.

"Mukachotsa, mawa abwera kudzatenga munda," anatero.

Kenaka analoza kuchitseko.

"Ba ticha, tandiwerengereni za pansizo mokweza. Chimatireni, palibe anandiwerengerapo, ndiye ndayamba kuiwala zimene ndinanena."