Nthanga za masuku pampanda wa bango

Ababa, lero ndaona masuku pamsika wa Songani koma ndalephera kugula. Ndakumbukira masiku a makadi a chipani aja, ndili sitandade 2, titakhala kuseri kwa nyumba ku Domasi. Ndinakufunsani zomwe munkaphunzira kunja. Munandipatsa nthanga za masuku makumi awiri kuti ndiziponya pampanda wa bango. "Werenga, mama. Zadutsa zingati? Zabwerera zingati? Zakanirira zingati? Ifenso timatero. Timawombera tinthu tosaoneka, manyutironi, pa zitsulo za mtovu ndi yureniyamu, n'kumawerenga. Ukawerenga kamodzi, sunawerenge."

M'mawa mwake ndinakadzitama nazo kusukulu. Pofika kwa akuluakulu a chipani, nkhani inali yakuti mukupanga bomba. Anadzakutengani pagalimoto pamodzi ndi makope anu, amayi ali kumunda wa mpunga. Amene anakakunenezani uja adakali moyo, ndipo kutchalitchi amandipatsa moni akumwetulira. Ine n'kumayankha! Mpaka lero kuntchito ndimawerenga chilichonse katatu, ndipo mawu ndimayamba ndawayeza ndisanalankhule, koma zithandizanso chiyani? Nthanga zathu zija tinazitola zonse, zinakwana makumi awiri. Koma inu, ababa, ngakhale manda anu sanationetse.