Chipilala Chimene Amalume Anasenzera Simenti

Kalata yoyamba ndinailemba mvula itangoyamba, zaka zinayi zapitazo. Kope lake ndili nalo, pamodzi ndi makope a zina zisanu. Zonse zikunena za chipilala cha simenti chimene chinali paphiri kumtunda kwa Kavalamanja, chokhala ndi msomali wamkuwa pamutu pake.

Chinamangidwa chilimwe chimene ndinayamba sukulu. Kunabwera azungu oyeza malo, ali ndi makina a miyendo itatu ndi kalilole amene ankathwanimitsira anzawo paphiri lina lakutali. Amalume ndiwo anasenza simenti ndi madzi kuchokera ku Zambezi mpaka pamwamba. Ndikukumbukira mapewa awo osupuka, ndi fungo la mafuta a nsatsi amene amayi ankawadzoza.

Womasulira wa oyeza malowo anangoti, "Tikuyeza dziko." Kwathu dziko ndi munda, dimba, manda a makolo, ndipo woyeza dziko lako lero, mawa alitenga. Aphunzitsi anayesa kulongosola kuti akunena dziko lonse lapansi, kuti ndi lobulungira ngati dzaye, ndipo poyeza phiri ndi phiri anthuwo afuna kudziwa kupindika kwake. Akuluakulu anaseka.

"Aticha, likanakhala dzaye, tikamapalasa kupita ku Zumbo bwanji sititsetsereka?"

Nkhani inathera pomwepo. Dziko ndi lathyathyathya ngati lichero, ndiye aphunzitsi akunama, ndiye amalume agulitsa madimba athu. Padoko palibe anawakwezanso m'bwato. Anawatcha Chigulitsa. Inenso ndinawaitana dzinalo pamaso pa anzanga, tsiku limene anandibweretsera nsomba kusukulu. Anaiika pamwala, nabwerera. Ntchentche zinaidya, ine ndili ndi njala.

Palibe dimba limene linalandidwa, ngakhale limodzi. Koma dzina lija linawaperekeza kumanda, ndipo palibe anapepesa.

Tsopano anthu aphwanya chipilala chija, ati amalume anakwiriramo chuma cha azungu. Anapeza miyala yokhayokha, nachoka ndi msomali. Mdzukulu wanga nayenso akundionetsa pafoni amuna a mataye olumbira kuti dziko ndi lathyathyathya. "Agogo, penyani nokha," akutero. Ndiye bodza lija labweranso, lavala nsapato, ndipo mboni yokhayo ya amalume yasanduka dzenje lomwera mbuzi.

Ndili mwana sindinadziwe kuti liwu limodzi lingasenze zinthu ziwiri, ndi kuti munthu angathere pakati pa ziwirizo. Ndinkaganiza kuti amene akuseka ali ambiri ndiwo akudziwa.

Sindikupempha chipilala chatsopano. Ndikupempha inu a ofesi yosunga mapu mundiyankhe ndi kalata yodinda, yonena m'chilankhulo chathu kuti chipilalacho chinkayeza dziko liti. Ndikufuna kukaiwerenga padoko, kenako pamanda a amalume, maso anga asanaleke kuona zilembo. Ino ndi kalata yachisanu ndi chiwiri, ndipo ndikudikira yankho lanu.