Dzina la apongozi anga ku ofesi ya msonkho

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza apongozi anga, anaBanda a ku Kasakula, ku ofesi ya msonkho. Sukulu ina yogonera konko ikufuna nyemba zawo, koma inanenetsa kuti popanda nambala ya msonkho msikawo upita kwa wina. Nyemba zimenezi ndi zomwe zikuphunzitsa mdzukulu wawo wamasiye.

Mukudziwa mmene mkamwini amayendera ndi apongozi. M'minibasi iwo kutsogolo, ine kumbuyo kwenikweni pamodzi ndi nkhuku za eni, ngati sitikudziwana.

Mtsikana wa pakompyuta anatifotokozera bwino kuti nambalayi ndi imodzi basi pa moyo wonse wa munthu. Popeza apongozi ankagulitsa fodya kale, mwina anali nayo, kunangotsala kuifufuza. Tsoka ilo, chiphaso cha unzika chinali chitatsala kumudzi m'Baibulo. Iye anati palibe vuto, ayesa ndi dzina. Kenaka anayang'ana ine, mwini tayi.

"Dzina loyamba la amayi?"

Abale inu, thukuta kamukamu. Ndinati anaBanda, iye nkuti chimenecho n'chiwongo. Ndinati amake Tiyamike, nkungondiseka. Ana anga onse analeredwa kumsana kwawo, koma dzina lawo sindinalimvepo. Ndani angafunse apongozi ake dzina? Angayambire pati?

Kwathu kuno mkazi akangobereka, dzina lake limapita. Amasanduka amake uje, kenaka agogo. Timati ndi ulemu, ndipo ndi ulemudi. Koma kompyuta ya boma sidziwa amake uje. Pamenepo ndinaona msika wa nyemba ukuthawa chifukwa cha ulemu wangawo. Safunsa anadya phula.

Apongozi anasendera pafupi ndi tebulo, nkulitchula okha chapansipansi. Musayembekeze kuti ndililemba pano, ndine mkamwini.

Nambala inapezeka. Malemu apongozi aamuna ndiwo anawalembetsa nthawi ya fodya ija. Mtsikana uja anawaitana ndi dzina lawo lonse powapatsa nambalayo, ndipo iwo anagwira pakamwa nkuseka ngati namwali.

"Tabwerezani, mwana wanga," anatero. "Chimwalilireni abambo a ana anga, palibe amene anandiitanapo choncho."

Ndinayang'ana kumbali, misozi ikulengeza. Ndimawakonda mayi amenewa.

Nyemba zipita ku sukulu. Koma inu amene mukundiseka, amayi anu anaitanidwa liti ndi dzina lawo?