Manja aja ndawaona, azakhali

Azakhali, lero pochokera kusukulu ndinadzera ku malire. Mayi wina amatsanzikana ndi mwamuna wake wopita kutsidya, ku Muloza, atagwira kaliyala ya njinga osafuna kuisiya. Ndinatembenuka kuti ndikukodoleni, kuiwala kuti tinakuikani chaka chatha.

Paja mabuku anu achikondi munkayambira kuwalemba pamenepa, kumangoyang'ana anthu. Tsiku lija mathero a buku lina atakukanikani, munandikhazika pamwala n'kunena kuti, "Iwe, usamvere zokamba zawo, pakamwa amanama. Uziona manja." Ine ndinaseka. Bukulo munalisiya losatha, mtsikana wa m'nkhaniyo akadali chiimire pamlatho, osadziwa ngati awoloke kapena abwerere.

Mayi walero sanalire. Njinga itanyamuka, zala zake zinatsala zopindika ngati akadagwirabe chitsulo chija. Manja amene munkawafuna aja ndawaona, azakhali. Nanga ndikauze ndani?